Roketi Yomwe Inatera kwa a Levison

Roketi itafika pamwamba, inatembenuka monga momwe Karima ankafunira. Lichero linakhala pamwamba ngati ambulera, mabotolo atalendewera kunsi kwake, ndipo zonsezo zinayamba kutsika mwaulemu. Karima anali atakweza kale manja m'mwamba pamene mphepo ya mu Ogasiti inafika. Inanyamula roketi ija, kuidutsitsa pamwamba pa mitengo ya bulugama ya kumapeto kwa bwalo la mpira, n'kukaitsitsa penapake pakati pa madenga a ku Chinsapo.

Greyson, wokonza njinga yemwe anabwera ndi pampu yake kudzathandiza, anaika dzanja pachipumi n'kuyang'ana komwe inalowera.

"Munati imabwerera kwa mwini wake, sisi," anatero. "Kapena mwini wakeyo anasamuka?"

Karima anakonza mpango wake kumutu n'kuyamba kuthamanga.

Mtsikanayu anali ndi digiri ya sayansi, koma ntchito yomwe anaipeza inali yophunzitsa fizikisi pa kasukulu ka pulaiveti komwe labotale yake yonse inali kabati imodzi yokhoma, makiyi ake atasowa kalekale. Tsiku lina akuwerenga pa foni anapeza zojambula za akatswiri a ku America a m'zaka za m'ma 1960. Anthuwo anajambula roketi yonenepa ngati nkhokwe, yoti inyamule katundu wolemera kwambiri kupita naye mumlengalenga, kenako ibwerere n'kutera panyanja, aivuule, aikonze, ipitenso. Roketi za masiku amenewo zinkapita kamodzi n'kutayika. Iyi sinamangidwe n'komwe, inathera papepala. Karima anaimvera chisoni ngati mnzake wa ku koleji: nayonso inali ndi mapepala abwino, koma panalibe woilemba ntchito.

Choncho anaganiza zoti ana ake a Fomu 3 adzaone ndi maso kuti chinthu chingathe kukwera ndi katundu n'kubwerako chosasweka. Analumikiza mabotolo akuluakulu a zakumwa, n'kukhomera chitsekerero chokhala ndi valuvu ya tayala la njinga pa thabwa. M'mabotolomo ankathiramo madzi pang'ono n'kupopamo mpweya, ndipo mpweya ukachuluka roketi inkachoka yokha pachitsekerero paja. Kukwera sikunavute. Nkhani inali pa kutsika. Majumbo omwe ankasoka kuti akhale ambulera ankakolana ndi zingwe, roketi n'kugwa ngati dzungu. Ataphwanya mabotolo ambiri, anaona Mayi Elube akupeta mtedza. Awa anali mayi wamasiye wogulitsa mtedza wokazinga kutsidya kwa msewu wa kwawo. Karima anaona kuti lichero silifuna kutambasulidwa, ndi lotambasuka kale. Utalimangirira cham'mbali, pokwera lingang'ambe mpweya, potsika lingagone n'kuugwira. Analibwereka m'mawa wa Loweruka limenelo kuti ayesere kaye ana asanaone, atalonjeza kulibweza dzuwa lisanafike pamutu. Katundu wa roketiyo anali dzira la nkhuku. Analikulunga m'sokosi yakuda ya bambo ake n'kumanga ndi ulusi wofiira, chifukwa ulusi umene unali m'nyumba unali womwewo.

Anaganizira za kulemera kwa lichero, za madzi, za mpweya. Chimene sanaganizire n'chimene mwana aliyense wa ku Chinsapo amachidziwa. Lichero likagwa kuchokera kumwamba, anthu safunsa za fizikisi. Amati ndi ndege ya afiti.

Iye ndi Greyson anataya nthawi yaitali akugogoda pa mageti olakwika, Greyson atapanira thabwa lija m'khwapa. Kenako anayamba kukumana ndi anthu othamangira mbali imodzi, amayi atabereka ana mopendekeka, anyamata atagwira kale mafoni m'manja. Mayi wina anawauza akupuma movutikira kuti ndege yagwa kwa a Levison, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo mwini wake wagwidwa.

Kwa a Levison kunali kutsidya kwa msewu wa kwa Karima. A Levison anali ndi maminibasi awiri ndi mdadada wa nyumba za lendi kunja kwa mpanda wawo, ndipo Mayi Elube ankakhala m'chipinda cha kumapeto kwa mdadadawo. Minibasi imodzi inali itakhala pa miyala kuyambira nthawi ya mvula. Makaniko anati injini inafa chifukwa chosasintha oyilo, koma a Levison ankauza aliyense wofuna kumva kuti pali munthu wapafupi amene akuwayenda pansi.

Geti linali lotsegula, anthu atadzaza mpaka mumsewu. Karima anadzipanikiza pakati pawo. Roketi yake inali itagona pakati pa bwalo, pafupi ndi minibasi yakufa ija, ndipo wina anali atawaza mchere mozungulira. Palibe amene anaponda mkati mwa mzere wa mcherewo. Lichero linali pamwamba, mkombero wake ukuoneka bwino pamene Mayi Elube anausoka ndi nsanza ya buluu ya neti ya udzudzu. Aliyense amene anagulapo mtedza pamsewu umenewo ankaudziwa mkomberowo. Pambali pake panali kasokosi kakuda komangidwa ndi ulusi wofiira. Karima anakayang'ana ndi maso a anthu ena koyamba.

Panja pa geti, kutsogolo kwa mdadada, anyamata anali atatulutsa kale katundu wa Mayi Elube. Bedi linali chagada m'fumbi, matiresi ali uko, mapoto ali uko, mbaula itagubuduzika, thumba la mtedza litang'ambika. Eni ake anakhala pa ndowa yovundikira, manja ali pamiyendo. Wina anali atawavula duku. Karima anakula akuwaona mayi amenewa tsiku ndi tsiku, koma imvi zawo anali asanazionepo.

A Levison anali atavala malaya oyera a paulendo, botolo la petulo lili m'manja. Ankafotokozera gulu kuti iwo ndi munthu wopemphera, n'chifukwa chake sanalole kuti mayiyo amenyedwe, koma dzuwa likamalowa asapezekenso m'Chinsapo, apo ayi iwo sadzatha kuwaletsa anyamata. Chinthucho achitentha pomwepo aliyense akuona.

"Bambo Levison, chinthucho n'changa," anatero Karima.

Anachita kubwereza kuti amveke. Anafotokoza kuti ndi roketi ya madzi yophunzitsira ana asukulu, lichero anachita kubwereka, ndipo Mayi Elube sankadziwa n'komwe ntchito yake. Ena anaseka. Mayi wina wovala chitenje cha chikasu ananena mokweza kuti ndiye kuti agogowa amuphunzitsa mtsikanayu, poti afiti amakonda ana ophunzira masiku ano. Wina anadandaula kuti sukulu yonse ija, makolo kuvutika, mapeto ake kukwera lichero. Karima anatulutsa foni kuti awaonetse zojambula za roketi ya ku America ija. A Levison sanayang'ane n'komwe. Anati pa foni munthu amatha kuikapo ngakhale mbuzi yoyendetsa galimoto.

Mayi Elube anamukodola. Karima anagwada pambali pa ndowa ija.

"Ndawauza kuti linabwerekedwa, sakumva," anatero motsitsa mawu. "Pita kwanu, mwana wanga, asakupake nawe. Ine ndili ndi mchemwali wanga ku Kaliyeka."

"Mwakhala pano zaka zonsezi, amayi."

"Ndiye ukufuna andigende?"

Karima anamva fungo la petulo. A Levison anali atatsegula botolo. Anaona kuti roketiyo ikapsa, chotsala chikhala phulusa ndi nkhani, ndipo nkhaniyo idzawatsatira Mayi Elube mpaka ku Kaliyeka ndi kulikonse kumene angapite. Anaimirira, analowa pageti, anadumpha mzere wa mchere n'kunyamula roketi yake. Gulu lonse linabwerera m'mbuyo ngati wina wawakoka ndi chingwe.

Anaiyang'ana mbali zonse. Polumikizira mabotolo panali posang'ambika, zingwe zinali zolimba, lichero linali losathyoka. Anamasula ulusi wofiira uja n'kulowetsa dzanja m'sokosi. Dzira linali lathunthu. Kwa kanthawi anaiwala pamene anali ndipo anamwetulira, zomwe sizinamuthandize, chifukwa mayi wa chitenje cha chikasu uja anati taonani, akusekerera. Anakweza dziralo m'mwamba n'kunena kuti analigula dzulo lake pa okala ya a Zaki, ndipo a Zakiwo, omwe anali kumbuyo kwa gulu, anavomera monyinyirika kuti mazira amagulitsadi.

Karima anabwezera dzira m'sokosi, anamanga, n'kuika roketi pansi pamaso pa a Levison.

"Ine sindiigwiranso," anatero. "Madzi atunge amayi a kunyumba kwanu, pa mpope wanu. Mpweya mupope nokha. Mayi Elube akhale pomwe alipo, atembenukire kukhoma ngati mukufuna. Ikakana kuuluka, itentheni, katundu wawo ndikawanyamulira ndine."

"Nanga ikauluka?" anafunsa a Levison.

"Ndiye kuti mwaiulutsa ndinu. Anthuwa aona okha kuti woulutsa malichero pano ndi ndani."

Penapake m'gulumo munthu anaseka, ndipo kuseka kwake kunali kosiyana ndi kuja koyamba. A Levison anati iwo sangagwire zinthu za mdima ndi manja awo. Greyson anaika thabwa lija pansi n'kufunsa anthu ngati n'zoona kuti adiraiva a zaka zonsezi, odutsa pa roundabout osaponda buleki, akuopa botolo la fanta. Anyamata omwe aja anatulutsa katundu anayamba kuimba mluzu. Gulu linabwera kudzaona moto, koma tsopano linkafuna kuona a Levison akupopa.

Amene anamaliza nkhaniyo anali a Pauline, akazi awo a Levison. Iwowa ndi amene anazindikira lichero lija poyamba, ndipo chiyambire anali ataima pakhonde. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi jagi ya madzi.

"Popani, bambo a Jonah," anatero. "Nkhani ya minibasi imeneyi ndatopa nayo. Tione lero."

A Levison anakana pampu ya Greyson, anati sakudziwa komwe yagona. Anatenga yawo yopondera ya m'minibasi. Onse anatulukira mumsewu pamalo opanda mawaya a magetsi, ndipo Karima anaima patali, manja atapinda kumbuyo kuti aliyense awaone, n'kumanena zochita. A Pauline anathira madzi mpaka pamene panali chizindikiro. A Levison anakhazika roketi pachitsekerero ndi zala ziwiri, nkhope atayang'anitsa kumbali. Karima anadikira mpaka zovala za pa chingwe cha nyumba ina zitasiya kugwedezeka, kenako anati apope.

Anaponda, anapondanso. Panamveka kaphokoso ngati ka tayala loboola, madzi n'kuyamba kuchucha pathabwa. Roketi inapendekeka pang'onopang'ono n'kugona m'fumbi.

"Yakana," wina anatero. "Yadziwa kuti si mwini wake."

Karima anaona mnyamata wina akuwerama n'kutola mwala. Anaona Mayi Elube atatembenukiradi kukhoma, msana uli chilili. Karima anakweza mawu.

"Simunakanikize, bambo. Mukuigwira ngati njoka. Pakamwa pa botolo pakufunika kulowa mpaka pansi."

A Levison anati mwayi anapereka, wakwana. Anatembenuka kufuna botolo lawo la petulo, koma a Pauline anali atalitenga kale n'kuliika kumbuyo kwawo. Mayiwo anatunganso madzi, anathira, anakwinya chitenje, n'kukanikiza roketi pachitsekerero ndi manja onse awiri mpaka inalira. Anaigwedeza kuti aone ngati yalimba, anapukuta manja, n'kuwayang'ana amuna awo.

Karima anawachenjeza a Levison kuti aime patali momwe paipi ya pampu ingafikire. Iwo anati sangauzidwe poima ndi mwana wobadwa dzulo, ndipo anaima pomwepo, atawerama pang'ono kuti aone chinyengo chake. Anayamba kuponda. Mabotolo anauma gwa, madzi a mkati akuwira ndi thovu. Mwendo wa a Levison unayamba kulemera, thukuta likutsika m'khosi, koma anapitiriza chifukwa mafoni onse anali pa iwo.

Kenako panamveka phuu. Madzi anamenya pansi, matope anadumpha kuchokera ku nsapato za a Levison mpaka kumaso, ndipo roketi inali itapita kale. Inadutsa madenga, inadutsa nsonga ya mtengo wa mapeyala wa kwa a Zaki, inakwerabe mpaka inaoneka ngati kambalame. Mitu yonse inali chagada. Pamwambapo inaima ngati ikuganiza, inatembenuka, lichero linagona, ndipo inayamba kutsika ikugwedezeka uku ndi uku ngati mayi wonyamula mtsuko. Anthu anapatuka. Inatera pakati pa msewu, kafumbi kakang'ono n'kukwera.

A Pauline ndi amene anapita. Anamasula ulusi, anatulutsa dzira, analiyang'ana kudzuwa, n'kulikweza m'mwamba. Mayi wina anayamba nthungululu, ena analandira, anyamata anamenya mageti ndi zikhato. Greyson anathamanga mozungulira akuuza aliyense kuti valuvu ija anaika ndi iyeyo. A Levison anatsala ataima phazi lili pa pampu, matope akutsika m'nsidze, malaya oyera aja atasanduka a mawanga. Mnyamata wa mwala uja anautaya mwakachetechete kumbuyo kwake n'kufunsa ngati nayenso angapope.

Inaulukanso. Inauluka ndi mwendo wa mnyamatayo, inauluka ndi wa a Zaki, inauluka ndi wa mayi wa chitenje cha chikasu, yemwe anavula nsapato kuti aponde bwino ndipo ananyowa mpaka m'chiuno akuseka. Ulendo uliwonse inkabwerera, ankaithira madzi, inkapitanso. Anthu anayamba kufunsa chimene chikuikankha, ndipo Karima anapezeka ataima pa mulu wa njerwa akufotokoza kuti mpweya wopanikizidwa umakankhira madzi pansi, madziwo n'kukankhira botolo m'mwamba. Anali asanaphunzitsepo kalasi yaikulu choncho, kapena yomvetsera choncho. Bambo wina anafunsa ngati ya ku America ija inkagwiritsanso ntchito lichero. Karima anati ayi, ndipo mwina n'chifukwa chake sinauluke.

Atatsika pa njerwa paja anapita kwa Mayi Elube. Anali adakali pa ndowa, atayang'anabe kukhoma. Sanaone ulendo ngakhale umodzi. Karima anagwada n'kuwauza kuti zatha, ndipo anapepesa chifukwa cha zonse zimene anawabweretsera.

"Duku langa," anatero Mayi Elube.

Duku linapezeka msanga, litakung'unthidwa fumbi, likudutsa m'manja mwa anthu mpaka linafika. Panalibe amene ankakumbukira yemwe anawavula. Mayi Elube analimanga mosafulumira, anakonza mfundo yake kumbuyo, kenako anatembenuka n'kuyang'ana anthu mmodzimmodzi. Ambiri anapeza chochita ndi mafoni awo.

A Levison anabwera akupukuta kumaso ndi mpango wa akazi awo. Anakhosomola. Anati zinthu zimachitika, munthu ukaona zachilendo pakhomo pako mutu umasokonezeka, tonse ndife anthu, ndipo mayi atha kulowanso m'nyumba mwawo, palibe vuto lililonse.

"Zikomo, abambo," anatero Mayi Elube. "Koma katunduyu sindinatulutse ndine."

A Levison anacheuka kuitana anyamata aja. Mayi Elube anawaletsa. Anati anawo anachita kutumidwa, iwo akufuna amene anawatuma. A Levison anayang'ana akazi awo, koma a Pauline anali akuyang'ana dzira lomwe linali m'manja mwawo ngati sanaonepo dzira. Anayang'ana gulu, ndipo gululo silinasunthe.

A Levison anayamba ndi mapoto. Kenako mbaula, kenako matiresi, omwe anawasenza pamutu chifukwa panalibe njira ina yowanyamulira. Mtedza umene unatayika anautola atanjuta, Mayi Elube akuwalozera ndi chala umene unagudubuzikira m'ngalande. Bedi linali lolemera, ndipo Greyson atafuna kugwira mbali ina, mayiwo anamuuza kuti apume, wagwira kale ntchito yambiri lero. A Levison analikoka okha, analipendeketsa pakhomo, linakana, analitembenuza, linalowa.

Mayi Elube anadzuka pa ndowa ija, anaipereka kwa Karima kuti awanyamulire, n'kulowa m'chipinda chawo. Anaima pakati n'kuyang'ana pamene a Levison anaika bedi.

"Silinali pamenepo," anatero. "Linali kuzenera."

A Levison anawerama, analigwiranso, n'kulikokera kuzenera.